Mmene mungapezere *ʔuḏn-, dzina la khutu m'Proto-Semitic, ndi kulisintha mathero

Ophunzira Chiheberi cha m'Baibulo ndi ophunzira Chiarabu cha mu Qur'an akangoyamba kugwiritsa ntchito madikishonale akuluakulu, amabwera kwa ine ndi funso limodzimodzi. Amaloza mawu okhala ndi kanyenyezi kumayambiriro, monga *ʔuḏn-, n'kufunsa kuti: "Amenewa anawapeza pamwala uti? Nanga tebulo la mathero ake lija, -um, -am, -im, analikopera m'buku lanji?" Ndayankha pakamwa mpaka kutopa, choncho ndalemba pano kuti wofunsa wotsatira ndizingomupatsa awerenge.

Sanawapeze pamwala uliwonse. Proto-Semitic ndi kholo la Chiakadi, Chiheberi, Chiaramu, Chiarabu, Chige'ezi ndi ziyankhulo zina za banja lomwe August Ludwig von Schlözer analitcha la Chisemitiki mu 1781, potengera dzina la Semu wa pa Genesis 10. Kholo limeneli silinalembedwepo. Kanyenyezi kaja ndi kokuuzani kuti mawuwa palibe anawaona olembedwa, anthu anawafika powerengera kuchokera kwa ana ake. Lembo lililonse la m'mawu oterowo lili ndi mboni zake, ndipo mukhoza kuzifunsa nokha. Luso lalikulu lagona podziwa mboni yomwe ingathe kuyankha funso lanu ndi yomwe singathe ngakhale ikuoneka ngati ikuyankha.

Ndasankha khutu chifukwa mayina a ziwalo za thupi sabwerekedwa mwachisawawa. N'chifukwa chake gawo loyamba la Semitic Etymological Dictionary ya Alexander Militarev ndi Leonid Kogan, lomwe linatuluka mu 2000, ndi la ziwalo za anthu ndi nyama zokhazokha. Komanso dzina ili lili ndi misampha pafupifupi yonse yomwe mungadzakumane nayo pa mayina ena.

1. Werengani zizindikiro musanachite china chilichonse

Chizindikiro cha ʔ ndi alefu wa Chiheberi kapena hamza ya Chiarabu, kakudula mpweya pammero komwe mumamva pakati pa "a-a!" munthu akadabwa. M'ziyankhulo izi ndi konsonanti yathunthu. Chizindikiro cha ḏ chimatchulidwa lilime lili pakati pa mano, monga dh wa m'mawu a Chiswahili akuti dhahabu. Kamzere pamwamba pa vawelo, monga ā, kakutanthauza vawelo yaitali. Kamzere ka kumapeto kwa *ʔuḏn- kakusonyeza kuti ili ndi tsinde lokha, mathero ake sanaikidwe.

Ambiri polemba pafoni amataya kamzere ka pansi pa ḏ n'kungolemba d. Musatero. Proto-Semitic inali ndi makonsonanti 29, ndipo d, ḏ ndi z anali atatu osiyana.

2. Sonkhanitsani mboni kuchokera ku nthambi zosiyana, zakale kwambiri poyamba

Chiakadi, cha ku Mesopotamia: uznum
Chiugariti, cha pamapale omwe anayamba kufukulidwa ku Ras Shamra m'dziko la Syria mu 1929: ʔudn
Chiheberi: ʔōzen
Chiaramu cha Ayuda: ʔudnā
Chisiriya, chomwe ndi mtundu wina wa Chiaramu: ʔednā
Chiarabu: ʔuḏun komanso ʔuḏn
Chisaba, cha pamiyala ya ku Yemen: ʔḏn
Chige'ezi, cha ku Ethiopia ndi Eritrea: ʔəzn

Chiakadi musachisiye. Banjali linagawika pawiri koyambirira, nthambi yakum'mawa, komwe kuli Chiakadi, ndi yakumadzulo, komwe kuli zinazo. Mukangofananitsa Chiheberi, Chiaramu ndi Chiarabu, ndiye kuti mwafika pa kholo la zitatuzo basi, la banja lonse simunalifike.

Wina adzakufunsani za Chiamhariki, chomwe chimati ǧoro. Chimenecho chinataya dzina lakale n'kutenga lina, pomwe abale ake apafupi analisunga: Chitigrinya chimati ʔəzni, Chiharari uzun. Zoterezi tili nazo kwathu kuno. Ife timati khutu, Chibemba ukutwi, Chiganda okutu, Chinyarwanda ugutwi, koma Chiswahili chimati sikio kuchokera ku mneni kusikia. Palibe amanena kuti khutu si dzina lakale la Chibantu chifukwa choti Chiswahili chilibe. Mboni yomwe inasintha dzina ingoikani pambali.

3. Gamulani makonsonanti poyesa ndi mawu ena

Konsonanti yomaliza ya tsinde siivuta, onse akuti n. Yoyamba nayonso ndi yosavuta: ʔ alipo paliponse kupatula m'Chiakadi, chomwe sichimulemba kumayambiriro kwa mawu. Chiarabu cha ku Cairo chimati widn ndipo Chimalta widna, koma w ameneyo ndi wobwera pambuyo.

Nkhani ili pa yapakati. Ziyankhulo zitatu zikuti z, Chiaramu ndi Chiugariti zikuti d, Chiarabu ndi Chisaba zikuti ḏ. Pano si pochita chisankho kuti ochuluka apambane. Funani mawu ena omwe ziyankhulozi zimasiyana mofanana ndi momwe zasiyanira apa. Mneni wotanthauza kugwira ndi ʔaḫaḏa m'Chiarabu, ʔāḥaz m'Chiheberi, ʔăḥad m'Chiaramu, aḫāzum m'Chiakadi, ʔaḫaza m'Chige'ezi. Wotanthauza kupha nyama ya nsembe ndi ḏabaḥa m'Chiarabu, zābaḥ m'Chiheberi, dəbaḥ m'Chiaramu, dbḥ m'Chiugariti, zabḥa m'Chige'ezi. Golide ndi ḏahab, zāhāb, dəhab. Mzere wake ndi womwewomwewo nthawi zonse.

Tsopano yesani z weniweni ndi d weniweni. Azitona kapena mafuta ake ndi zayt m'Chiarabu, zayit m'Chiheberi, zētā m'Chiaramu, zt m'Chiugariti, onse z. Magazi ndi dam m'Chiarabu, dām m'Chiheberi, damum m'Chiakadi, dam m'Chige'ezi, onse d. Khutu likadakhala ndi *z, Chiaramu chikadasunga z monga chachitira pa azitona. Likadakhala ndi *d, Chiheberi chikadasunga d monga pa magazi. Yatsala ndi konsonanti yachitatu, yomwe Chiarabu ndi Chisaba zinasunga, pomwe Chiheberi, Chiakadi ndi Chige'ezi zinaiphatikiza ndi z, Chiaramu n'kuiphatikiza ndi d. Lembani *ḏ.

Chenjerani ndi Chiaramu pawiri. M'mabuku ambiri mudzapeza ʔuḏnā ndi ʔeḏnā, n'kuganiza kuti Chiaramu chinasunga ḏ wakale. Ayi, ameneyo ndi d wamba yemwe amafewa akakhala pambuyo pa vawelo, lamulo lobwera mochedwa lomwe limakhudza b, g, d, k, p ndi t. Chachiwiri, zolembedwa zakale kwambiri za Chiaramu zimalemba *ḏ ndi lembo la zayini, golide n'kukhala zhb. Afabeti yomwe anabwereka kwa Afoinike inalibe lembo la ḏ, choncho anagwiritsa ntchito lomwe linali pafupi.

Msampha womwe ndimaukonda kwambiri ndi wa sikelo. Chiheberi chimati mōznayim, ndipo chimalemba ndi alefu, m-ʔ-z-n-y-m, ngati kuti sikelo ndi "makutu awiri" olendewera. Ndamvapo alaliki akumanga ulaliki wonse pamenepa. Yesani ndi lamulo lija. Pa Danieli 5:27, lomwe ndi gawo la Chiaramu, sikelo ili ndi z. Chiugariti chimalemba mznm, pomwe khutu chimalemba ndi d. Chiarabu chimati mīzān kuchokera ku wazana, kuyeza kulemera. Onsewa ali pamzere wa *z weniweni, ndiye kuti sikelo ndi khutu si pachibale, zinangofanana m'Chiheberi *ḏ ndi *z ataphatikizana.

4. Pezani vawelo yoyamba

Chiarabu ndi Chiakadi zikuti u. Chiugariti sichilemba mavawelo, koma chili ndi malembo atatu a alefu, la ʔa, la ʔi ndi la ʔu, ndipo pa khutu chimagwiritsa ntchito la ʔu. Ō wa Chiheberi amachokera ku u waufupi yemwe wagwera pa phatikizo lotchulidwa mwamphamvu: qōdeš, chiyero, ndi quds m'Chiarabu. Chige'ezi sichingakuthandizeni, chifukwa u waufupi ndi i waufupi onse anasanduka ə. Chisaba sichilemba mavawelo aafupi. Chatsala ndi e wa Chisiriya, koma m'bale wake weniweni, Chiaramu cha Ayuda, ali ndi u, choncho kusinthako kunachitikira m'nyumba mwa Chisiriya momwemo. Lembani *u.

5. Funsani ngati panali vawelo yachiwiri

Apa ndi pomwe mabuku ambiri amangodumpha, ndipo ndi pomwe ophunzira anga ambiri amagwa. Mukayang'ana mndandanda uja, mukuona ʔuḏun m'Chiarabu ndi ʔōzen m'Chiheberi, onse ali ndi vawelo pakati pa konsonanti yachiwiri ndi yachitatu. Mukatsegula malamulo a Hammurabi, mfumu ya Babylon yomwe inalamulira cha m'ma 1792 mpaka 1750 BC, mukupezanso chimodzimodzi. Lamulo lomaliza, la nambala 282, likunena za kapolo wouza mbuye wake kuti "sindinu mbuye wanga", ndipo chilango chake ndi bēlšu uzunšu inakkis, mbuye wake adzadula khutu lake. Taonani uzun. Mboni zitatu za nthambi zosiyana zikuoneka kuti zagwirizana pa *ʔuḏun-. Musalembe msanga, ifunseni iliyonse payokha.

Yambani ndi Chiakadi. Chiyankhulochi sichilola makonsonanti awiri kumapeto kwa tsinde pomwe mathero a dzina achoka. Chimalowetsa vawelo pakati pawo, ndipo vaweloyo imangotengera yoyamba ija: kalbum, galu, amakhala kalab, šiprum, ntchito, imakhala šipir, uznum limakhala uzun. Choncho u wachiwiri wa mu uzunšu akanabwera ndithu ngakhale tsinde likadakhala lopanda vawelo pamenepo. Wophunzira wochenjera amati, "Basitu, uznum ndiye wakale, vawelo yachiwiri panalibe." Nayenso wafulumira. Chiakadi chili ndi lamulo lina lofufuta vawelo yaifupi yapakati: *damiqum, wabwino, anasanduka damqum, ndipo i amangoonekera mu damiqtum, wa chachikazi. Tsinde likadakhala *ʔuḏun-, tikadapezabe uznum ndi uzun omwewa. Pa funso ili Chiakadi chilibe mawu, mbali zonse ziwiri.

Chige'ezi nachonso chili chete, pa chifukwa china. M'kalembedwe kake, lembo lililonse limasintha mawonekedwe molingana ndi vawelo, ndipo mawonekedwe achisanu ndi chimodzi amaimira konsonanti yotsatiridwa ndi ə komanso konsonanti yopanda vawelo. Mukaona እዝን simungadziwe pa malembo pokha ngati ndi ʔəzn kapena ʔəzən. Chiaramu chimafufutanso vawelo yaifupi pamalo oterewa, ndiye ʔudnā angachokere konsekonse.

Chiarabu chikupereka mayankho onse awiri. Mayina a mtundu uwu amasinthasintha: ʕunuq ndi ʕunq, khosi, rubuʕ ndi rubʕ, gawo limodzi mwa magawo anayi. Ngakhale mu Qur'an momwe, kawerengedwe ka Ḥafṣ, komwe kali m'mabuku ambiri osindikizidwa, kamati ʔuḏun, pomwe ka Nāfiʕ wa ku Madina, kotsatidwa kwambiri kumpoto ndi kumadzulo kwa Africa, kamati ʔuḏn.

Wogamula ndi Chiheberi, chomwe poyamba chimaoneka ngati chikuchirikiza vawelo yachiwiri. E wa mu ʔōzen amalembedwa ndi timadontho titatu totchedwa segol, ndipo gulu lonse la mayina otere mabuku amalitcha segolate. Chiheberi chitataya mathero -u, -a, -i, mayina ngati *malk- ndi *ʔuzn- anatsala ndi makonsonanti awiri kumapeto, ndipo e analowa kudzawalekanitsa. Mukaphatikiza kanthu kumapeto, e safunikanso ndipo tsinde lakale limaonekera: melek, mfumu, koma malkī, mfumu yanga, sēper, buku, koma siprī, ʔōzen, koma ʔoznō, khutu lake, monga pa Eksodo 21:6 pomwe mbuye aboola khutu la kapolo ndi lisungulo. Mvetseraninso pomwe pali mphamvu ya mawu. Mayina ambiri a Chiheberi amatchulidwa mwamphamvu pa phatikizo lomaliza, koma ʔōzen mphamvu ili poyamba, chifukwa pa nthawi yomwe malo a mphamvu ankakhazikika, phatikizo lachiwirilo kunalibe. Dzina lokhala ndi u awiri akale limatuluka mosiyana kwambiri: bəkōr, mwana woyamba kubadwa, vawelo yoyamba yafota ndipo mphamvu ili kumapeto. Khutu silinatuluke choncho.

Pali umboni wina woti e ameneyu ndi wachilendo. Timadontho ta mavawelo a Chiheberi tinaikidwa ndi Amasorete, alembi achiyuda a ku Tiberias, ndipo buku lathunthu lakale kwambiri lokhala nato, Leningrad Codex, ndi la cha m'ma 1008. Koma m'zaka za m'ma 200 AD, Origen, katswiri wachikhristu, anaika mu Hexapla yake, Chipangano Chakale cholembedwa m'madanga asanu ndi limodzi, danga la Chiheberi cholembedwa m'malembo a Chigiriki, ndipo mmenemo mayina a gulu ili kawirikawiri alibe vawelo yachiwiri: ʔereṣ, dziko, lalembedwa ars.

Tsinde ndi *ʔuḏn-. Polemba zomwe mwapeza, nenani poyera kuti pa mfundo iyi mwatsamira pa Chiheberi, Chiarabu chikulola, zinazo sizingayankhe. Zimenezi n'zothandiza kuposa kundandalika ziyankhulo zisanu ndi zitatu ngati kuti zonse zavomera.

6. Dziwani ngati dzinali ndi lachimuna kapena lachikazi

Ziyankhulo za Chisemitiki zilibe magulu a mayina ngati athu, zili ndi magulu awiri okha. Chachikazi nthawi zambiri chimadziwika ndi -at- kapena -t- kumapeto kwa tsinde. Khutu lilibe chizindikirochi, choncho oyamba kumene amaliika ku chachimuna. Yang'anani mawu ogwirizana nalo. Pa Miyambo 20:12, khutu lakumva ndi ʔōzen šōmaʕat, ndipo šōmaʕat ndi wachikazi. Pa Surah 69:12 pali ʔuḏunun wāʕiyatun, khutu losunga zomwe lamva, mfotokozi wake ali ndi -at-. M'Chiakadi ndi lachikazinso. Ziwalo zambiri zokhala ziwiriziwiri zili choncho, monga *ʕayn-, diso, ndi *yad-, dzanja.

Chiarabu chikamachepetsa dzina lotere, chizindikiro chobisikacho chimatulukira: ʔuḏaynat-, kakhutu. Umu ndi mmene amafotokozera dzina la Odaenathus, mfumu ya ku Palmyra yomwe inaphedwa mu 267 AD, mwamuna wa Zenobia.

7. Ikani mathero a khutu limodzi

Ife tikati "khutu likuwawa", "anadula khutu", "ululu wa khutu", dzinalo silisintha kumapeto. Proto-Semitic inkasintha vawelo yomaliza molingana ndi ntchito ya dzina m'chiganizo. Likakhala mwininkhani limatenga -u, ndipo mabuku amati nominative. Likakhala pamtherankhani limatenga -a, accusative. Likabwera pambuyo pa mperekezi kapena likakhala mwini wa chinthu china limatenga -i, genitive. Chiakadi cha nthawi ya Hammurabi ndi Chiarabu cha m'mabuku zikugwirizana ndendende pa mavawelo atatuwa, ngakhale zili m'nthambi zosiyana ndipo pakati pa zolembedwa zake pali zaka zoposa 2,000. Chige'ezi chinasunga -a yekha, ʔəzna. Ngati mukufuna kuona awiri pamalo amodzi, Surah 5:45 ili ndi wa-l-ʔuḏuna bi-l-ʔuḏuni, khutu kulipa khutu, loyamba ndi -a, lachiwiri ndi -i chifukwa cha mperekezi bi-.

Pambuyo pa vaweloyo pamabwera konsonanti, ndipo apa mboni zasiyana: Chiakadi uznum, Chiarabu ʔuḏunun. Chisaba chili kumbali ya Chiakadi ndi -m. Popeza -m akupezeka kum'mawa ndi kumadzulo komwe, akatswiri ambiri amalemba:

*ʔuḏnum, *ʔuḏnam, *ʔuḏnim

Musaikepo al- wa Chiarabu kapena ha- wa Chiheberi. Chiakadi, Chiugariti ndi Chige'ezi zilibe mawu otere, anabwera pambuyo.

8. Ikani mathero a makutu awiri

Kupatula chimodzi ndi zambiri, Proto-Semitic inali ndi mathero apadera a zinthu ziwiri, ndipo pa khutu awa ndiwo ankagwira ntchito tsiku ndi tsiku. Alipo awiri okha, chifukwa accusative ndi genitive zimagawana amodzi. Chiakadi chimati uznān ndi uznīn, Chiarabu ʔuḏunāni ndi ʔuḏunayni. Ī wa Chiakadi asakusokonezeni, ay amasanduka ī m'Chiakadi cha ku Babylon, monga *bayt-, nyumba, inasanduka bītum. Tebulo lanu likhale:

*ʔuḏnāna, *ʔuḏnayna

M'mabuku ena mudzapeza -ni m'malo mwa -na, potsatira Chiarabu. Chomwe onse amagwirizana ndi -ā-, -ay- ndi n.

ʔoznayim wa Chiheberi amachokera ku wachiwiriyo, wa -ay-, ndipo widnejn wa Chimalta ndi chimodzimodzi. Mathero osonyeza ntchito atatha, mawonekedwe omwe ankamveka kawirikawiri ndiwo anatsala. M wa Chiheberi musamubweze kwa kholo pa zinthu ziwiri, chifukwa Chiakadi, Chiarabu ndi Chiaramu zonse zili ndi n pamenepo. Pa Danieli 7:4, mapazi awiri ndi raglayin. Alembi a ku Mesopotamia anali ndi njira yawo yachidule: ankadinda chizindikiro cha khutu cha Chisumeri, chiyankhulo chakale cha kumeneko, GEŠTU, n'kuikapo timizere tiwiri toimirira pambali pake.

9. Chotsani -m ndi -na dzina likakhala ndi mwini

Sipankafunika mawu ngati "la" wathu wa mu "khutu la mfumu". Mayina awiri ankangogundana, loyamba n'kutaya -m kapena -na, lachiwiri n'kukhala mu genitive. Mabuku amati construct. Khutu la mfumu ndi *ʔuḏnu malkim, makutu awiri a mfumu ndi *ʔuḏnā malkim, kapena *ʔuḏnay malkim pomwe sali mwininkhani. ʔoznē wa Chiheberi, makutu a, amachokera ku *ʔuḏnay ameneyu.

Alowam'malo a umwini amaphatikizidwa pa mawonekedwe omwewa. Khutu langa ndi *ʔuḏnī, ndipo Chiakadi uznī, Chiheberi ʔoznī ndi Chiarabu ʔuḏunī zonse zikuvomera. Khutu lako, pouza mwamuna, ndi *ʔuḏnuka, pouza mkazi *ʔuḏnuki. Makutu ako awiri ndi *ʔuḏnāka: Chiakadi uznāka, Chiarabu ʔuḏunāka, pomwe ʔoznekā wa pa Yesaya 30:21 wachokeranso ku wa -ay- uja. Cholakwa chomwe ndimachiona kwambiri pamapepala a ophunzira ndi kusiya -m kenako n'kuphatikizapo -ka. Mawu otere sanakhaleko m'chiyankhulo chilichonse cha banjali.

10. Siyanitsani dzina ndi ana ake

Ophunzira Chiarabu ndi Chiheberi amazolowera kuti chilichonse chimachokera ku muzu wa makonsonanti atatu wokhala ndi tanthauzo la mneni, ndiye amafuna mneni yemwe anabala khutu. Kulibe. Mneni wakale wotanthauza kumva ndi wina, *šmʕ: šāmaʕ m'Chiheberi, samiʕa m'Chiarabu, šemûm m'Chiakadi, samʕa m'Chige'ezi. *ʔuḏn- ndi dzina loyambirira, ndipo u wake ndi wa tsinde lenilenilo. Aneni ndiwo anabadwa kwa ilo, chiyankhulo chilichonse pachokha. Chiheberi chinapanga heʔĕzīn, kutchera khutu, monga haʔăzīnū woyamba nyimbo ya Mose pa Deuteronomo 32:1. Chiarabu chinapanga ʔaḏḏana, kulengeza, komwe kwachokera ʔaḏān ndi muʔaḏḏin. Adhana yomwe imamveka m'bandakucha m'misikiti ya ku Mangochi ndi muadhini woitanayo ndi zidzukulu za dzina lomweli. Musasokoneze ʔaḏān, kuitanira ku swala, ndi ʔāḏān, makutu, kusiyana kwake ndi kutalika kwa vawelo yoyamba kokha.

Tanthauzo nalonso muliyese ngati mmene munayesera malembo. M'Chiakadi uznum ndi khutu komanso nzeru. Pamapale a m'nyumba ya mabuku ya Ashurbanipal ku Nineveh, a m'zaka za m'ma 600 BC, mfumuyo imadzitama kuti milungu Nabû ndi Tašmetu inaipatsa uznu rapaštu, khutu lotakata. Koma geštug wa Chisumeri, chiyankhulo chomwe si cha banjali ndipo chinakhala limodzi ndi Chiakadi kwa zaka mazanamazana, alinso ndi matanthauzo awiri omwewa. Kwa kholo bwezani "khutu" lokha, lomwe nthambi zonse zili nalo.

Ena amathamangira ku Chiiguputo chakale, chomwe ndi msuweni wakutali m'banja lalikulu la Afroasiatic. N'zoona kuti chithunzi cha khutu la ng'ombe m'malembo awo chimawerengedwanso jdn, ngakhale dzina lawo la tsiku ndi tsiku la khutu linali msḏr. Chilembeni m'munsi ngati chofananitsira, koma chisakusankhireni lembo lililonse la *ʔuḏn-.

11. Bokosi la makutu ambiri lidzazeni mosamala

Matebulo ambiri omwe anthu amandionetsa amakhala odzaza bwinobwino mpaka pansi, ndipo bokosi la zambiri limaoneka lolimba ngati enawo. Silili choncho. Mathero a chimodzi ndi a ziwiri mwawapeza pa mboni zogwirizana, koma pa zambiri nthambi iliyonse yalowera kwake. Chiarabu chili ndi ʔāḏān, kuchokera ku *ʔaʔḏān, pomwe tsinde lathyoledwa n'kukonzedwanso mkati. Chige'ezi chili ndi ʔaʔzān wofanana naye, komanso ʔəzan. Chiakadi chili ndi uznātum, mathero wamba a zambiri za chachikazi. Chiheberi chimangogwiritsa ntchito ʔoznayim ngakhale makutuwo akhale a khamu lonse.

Chomwe mungagwire ndi ʔəzan wa Chige'ezi. Ə wake angachokere ku u, choncho kumbuyo kwake kuli *ʔuḏan-, tsinde lija litalowetsedwa a pakati. Mayina a segolate a Chiheberi amachitanso chomwechi pa zambiri: melek amakhala məlākīm, bōqer, m'mawa, amakhala bəqārīm, ndipo ā ameneyo ndi a wakale, wosiyana ndi e wongolowerera wa pa sitepe 5. Pa chifukwa ichi akatswiri angapo amati mayina a mtundu wa *ʔuḏn- ankapanga zambiri polowetsa a. Chiakadi sichingatsimikize kapena kukana, chifukwa lamulo lake lofufuta vawelo yapakati likadasandutsa *ʔuḏanātum kukhala uznātum yemweyo. M'bokosimo lembani *ʔuḏan-, pambali pake mulembe kuti mboni yachindunji ndi Chige'ezi, yothandizira ndi kapangidwe ka segolate m'Chiheberi, ndipo mathero ake muwasiye osadzaza.